Ulalo wa pa Luangwa ndi Mbiri ya Dziko la Kum'mawa

Munthu wa ku Chadiza akafuna kupita ku Lusaka, kapena kukafuna nchito, kapena kukaona abale, kapena kukagulitsa nsawa zace, njira yace ndi imodzi. Atulukira pa mseu waukulu wa Great East Road ku Chipata kapena ku Katete, napitirira Sinda, mphambano ya ku Petauke, Nyimba ndi Kacholola, ndipo pamenepo mseu uyamba kukhotakhota m'mapiri kutsikira ku cigwa cotentha. Patsinde pa mapiriwo pali mtsinje wa Luangwa, ndipo pamwamba pa mtsinjewo pali ulalo wacitsulo wolenjekeka pa zingwe. Galimoto iuoloka m'kamphindi, kotero kuti ambiri a ife tauoloka kawirikawiri tiri m'tulo, pena tikuganizira za mtengo wa nsomba za pamsika wa kutsidya.

Ulalo umenewu, umene anzathu a ku Malawi auchula kuti mlatho, uli pa malire a Cigawo ca Kum'mawa ndi Cigawo ca Lusaka, pa mtunda wa makilomita ngati 230 kucokera mumzinda wa Lusaka. M'nkhani ino ndifuna kuonetsa kuti ndiwo unatembenuza nkhope ya dziko lathu la Kum'mawa. Makolo athu pofuna malonda, nchito kapena maphunziro ankayang'ana ku Tete, ku Blantyre ndi ku Salisbury. Ife lero tiyang'ana ku Lusaka. Kusintha kotere sikunadze ndi lamulo lolembedwa pa pepala lokha iai, kunadza pamene kuoloka Luangwa kunaleka kukhala cinthu coopsa. Cifukwa cace ulalo uwu uyenera kuwerengedwa pamodzi ndi zikumbutso zina za dziko, zimene tionetsa alendo ndi kuphunzitsa ana athu.

MTSINJE USANAKHALE NDI ULALO

Mtsinje wa Luangwa ucokera ku mapiri a Mafinga, kumpoto pa malire a Zambia ndi Malawi. Utsika m'cigwa cacikulu, nulandira madzi a Lunsemfwa kumtunda kwa ulalo, nukathira m'Zambezi pa boma la Luangwa, limene dzina lace lakale ndi Feira. Kucokera kumunsi pang'ono kwa ulalo kufikira kumathiriro, mtsinjewu ndiwo malire a Zambia ndi Mozambique. M'cilimwe madzi acepa ndipo mcenga uonekera ponseponse, mwakuti mlendo angaupeputse. Koma m'dzinja usandulika wina: madzi afiira, nasefukira, nakokolola mitengo yathunthu. Ng'ona ndi mvuu zirimo zambiri nyengo zonse.

Anthu ankaoloka ndithu kalekale, pakuti Ansenga, Akunda, Abisa ndi Acewa anali kugulana makasu, mcere, nsaru ndi minyanga. Koma kuoloka kunali m'manja mwa eni madooko ndi eni mabwato, ndipo mfumu ya padooko ikakana, ulendo unathera pomwepo. Apwitikizi anakhazika msika wao pa Zumbo, tsidya lija la Feira, m'zaka zoyamba za m'ma 1700, ndipo dzina lakuti Feira m'cinenero cao litanthauza msika. M'caka ca 1798 Dr. Francisco de Lacerda ananyamuka ku Tete, napyola dziko la Amaravi, naoloka Luangwa pa ulendo wa kwa Kazembe, kumene anakafera caka comweco. Monteiro ndi Gamitto anatsata njira yofanana m'caka ca 1831. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi kufupi ndi mathiriro a Luangwa mu November 1835, tsiku limene dzuwa linada masana. Dr. David Livingstone anafika pa mathiriro omwewo mu January 1856, nabvutika kupeza mabwato kwa anthu a Mfumu Mburuma, amene anali ndi cifukwa cokayikira alendo, popeza nkhondo za ogula akapolo zinali zitawasautsa. Anaolokanso Luangwa kumtunda mu December 1866.

Maina awa ndiwo analembedwa m'mabuku, koma pambuyo pa mzungu mmodzi aliyense panali anthu ambiri osenza katundu, ndipo anafikira kutsidya cifukwa ca luso la opalasa bwato amene maina ao anapita nao kumanda.

PAMENE KUM'MAWA KUNAYANG'ANA KUM'MAWA

M'caka ca 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anapangana za malire, nagawa dziko la Acewa a Kalonga Gawa Undi popanda kufunsa eni ace. Ndico cifukwa cace kufikira lero anthu a ku Chadiza ali ndi abale a mimba imodzi ku Mozambique ndi ku Malawi. Mu January 1898 asilikali ocokera ku Nyasaland anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo posacedwa anamanga boma la Fort Jameson, limene tsopano ndi Chipata. Bomalo linakhala likulu la dziko lapadera la North-Eastern Rhodesia, lolamulidwa ndi Kampani ya British South Africa.

Tiyenera kuzindikira kuti pa masiku amenewo zonse zofika ku Fort Jameson zinkadzera kum'mawa ndi kumwera. Katundu ankatsika m'sitima za panyanja pa Chinde, nakwera Zambezi kufikira ku Tete, kapena kukwera Shire kulinga ku Blantyre, ndipo kucokera uko amtengatenga ankamsenza pamutu, Azungu atagona m'macila. Mau a Mulungu ndi sukulu zinadzera njira yomweyo. Amishoni a Dutch Reformed Church anafika pa Magwero m'caka ca 1899 atadzera ku Nyasaland, ndipo m'caka ca 1908 anatsegula Nsadzu m'dziko lathu lino la Chadiza. Mabuku a Cinyanja amene ana ankawerenga anali ofanana ndi a ku Nyasaland.

Pamene Boma linaika msonkho wa nyumba, amuna anayamba kucoka m'midzi kukafuna ndalama. Kumadzulo kunalibe nchito yowaitana, tsono anayenda pansi kudzera ku Tete kapena ku Feira, naoloka Zambezi, nakafika ku Salisbury, kumene makolo athu ankati ku Walale, ndi ku migodi ya Shamva ndi Wankie, ena mpaka ku Joni. Ambiri anabwerako ndi njinga ndi mabulangete, ena anafera m'njira, ena anasanduka machona. Zidzukulu za machonawo zikali ku Zimbabwe kufikira lero lino, ndipo zina zibvinabe Gule Wamkulu.

M'caka ca 1911 North-Eastern Rhodesia ndi North-Western Rhodesia anaphatikizidwa kukhala dziko limodzi la Northern Rhodesia, likulu lace ku Livingstone. Pa mapu linali dziko limodzi, koma pansi linali maiko awiri olekanitsidwa ndi mtsinje ndi mapiri. Njanji inafika ku Broken Hill, kumene tsopano ndi Kabwe, m'caka ca 1906, koma munthu wa ku Fort Jameson ankayenda masabata angapo kuti akaione. Alimi a fodya a Cizungu a ku Fort Jameson ankatumiza fodya wao ku Nyasaland, ndipo mwa iwo munali ena oganiza kuti kukadakhala bwino dziko la Kum'mawa likadaphatikizidwa ndi Nyasaland. Mbiri ikadayenda motero, bwenzi ife a ku Chadiza lero tikuwerengedwa anthu a dziko lina.

ULALO WOYAMBA NDI NDALAMA ZA BEIT

Zinthu zitatu zinasintha njira za anthu. Coyamba, cakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 Boma, limene linalandira dziko m'manja mwa Kampani m'caka ca 1924, linalambula mseu wa magalimoto pakati pa Lusaka ndi Fort Jameson. Caciwiri, migodi ya mkuwa inayamba kutulutsa cuma: Roan Antelope ku Luanshya m'caka ca 1931, Nkana m'caka ca 1932, Mufulira m'caka ca 1933. Cacitatu, likulu la dziko linasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka m'caka ca 1935. Tsono kumadzulo kunakhala nchito, kunakhala Boma, kunakhalanso mseu. Cotsalira cinali mtsinje, pakuti mseu wopanda ulalo uthera pagombe madzi akadzaza.

Ulalo woyamba unamangidwa m'zaka zoyamba za m'ma 1930. Unali wopapatiza, wacitsulo ndi konkire, wokhazikika pa nsanamira zoimirira m'mtsinje. Ndalama zace zinacokera ku bungwe la Beit Trust. Alfred Beit anabadwira ku Hamburg m'dziko la Germany m'caka ca 1853, nalemera ndi diamondi wa ku Kimberley ndi golidi wa ku Johannesburg, nakhala bwenzi la Cecil Rhodes. Pomwalira m'caka ca 1906 anasiya mapaundi 1,200,000 kuti akonzere njanji, maulalo ndi njira zina m'maiko a kuno. Ndi cuma cimeneco anamanga Beit Bridge pa Limpopo m'caka ca 1929, Birchenough Bridge pa Save m'caka ca 1935, Otto Beit Bridge pa Zambezi ku Chirundu m'caka ca 1939, ndiponso ulalo wa mseu pa Kafue m'caka ca 1949. Ulalo wa pa Luangwa unali wa banja limenelo.

Pano pali mau ofunika kuwalingalira bwino. Kuyamika mphatso ndi mwambo wathu, ndipo sitikana kuti Beit akadatha kusiyira cuma cace conse abale ace a ku Ulaya. Komanso tikumbukire kumene cumaco cinacokera. Diamondi ndi golidi sizinadzikumbe zokha. Anazikumba anthu akuda ocokera m'maiko ambiri a kuno, pa malipiro ocepa, akugona m'makomboni otsekedwa. Cotero munthu wakuda pooloka ulalo wa Beit sanali kupondapo ngati wopemphetsa, pakuti thukuta la anthu a mtundu wace linalimo kale m'citsulo cimeneco. Ndiponso amene anaphwanya miyala, kusenza mcenga ndi kuponda konkire pa dzuwa la m'cigwa anali anthu a kuno komwe.

Ulalo utatha, ulendo wa masabata unasanduka wa masiku. Mseu unali wapfumbi m'cilimwe ndi wamatope m'dzinja, koma malole ndi mabasi a Thatcher Hobson, pambuyo pace a Central African Road Services, ndipo ufulu utabwera a UBZ, anayamba kunyamula anthu a Kum'mawa kupita nao ku Lusaka ndi ku migodi. Njira za kumwera sizinafe msanga, koma caka ndi caka ocuruka analinga kumadzulo.

ULALO WA 1968 NDI MAMANGIDWE ACE

Zambia inalandira ufulu pa 24 October 1964. Patangopita caka cimodzi, pa 11 November 1965, Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yadzipatula ku ulamuliro wa Britain, ndipo njira za kumwera, zimene zinkadzera pafupifupi katundu yense wa Zambia, zinasanduka msampha. Mafuta a galimoto anasowa, nayamba kugulitsidwa moyesa. Boma la Dr. Kenneth Kaunda linafunafuna njira zina: mseu wa kumpoto wopita ku Dar es Salaam, mpope wa mafuta wa Tazama umene unatha m'caka ca 1968, njanji ya Tazara imene inatha m'caka ca 1975, ndiponso mseu wathu wa Kum'mawa wotulukira ku Malawi. Ulalo wopapatiza uja, womangidwira magalimoto ang'onoang'ono a kale, sunayenerenso katundu wolemera wa masiku amenewo.

Ulalo umene tiuona lero unatsegulidwa m'caka ca 1968. Anaulinganiza akatswiri a Freeman Fox and Partners a ku London. Dzina la Freeman m'kampaniyo ndi la Sir Ralph Freeman, amene analinganiza maulalo a Birchenough ndi Otto Beit, ndiponso ulalo wochuka wa pa dooko la Sydney ku Australia. Kampani yomweyo inagwira nchito pa ulalo wa Severn ku Britain, wa 1966, ndi wa Bosphorus ku Istanbul, wa 1973. Cotero ulalo wathu uli ndi abale ace kutali.

Utali wace wonse ndi mamita ngati 300. Cozizwitsa cace ndi ici, kuti pakati pace pali danga la mamita 222 lopanda nsanamira iriyonse m'madzi. Nanga uima bwanji? Pa gombe liri lonse pali nsanja yacitsulo ya miyendo iwiri, yaitali kuposa mamita 40. Kucokera pa nsanjazo zingwe zacitsulo zitsika copendekera, zina kulinga pakati pa mtsinje, zina kulinga kumtunda. Lole ikafika pakati pa ulalo, kulemera kwace kukoka zingwe za kumadzi. Zingwezo zikoka nsanja. Koma nsanja singagwere kumadzi popeza zingwe za kumtunda ziigwira kumbuyo. Potero kulemera konse kutsikira m'miyendo ya nsanja kulowa m'maziko. Munthu amene anaona mkazi atasenza mtsuko pamutu, khosi liri ciriri, manja atagwira uku ndi uku, adziwa kuti katundu wolemera apepuka akalunjika bwino pa msana. Nzeru ya nsanja ndi yomweyo.

Ubwino wa mamangidwe awa pa mtsinje wonga Luangwa ngwoonekeratu. Madzi a dzinja akadza ndi mitengo yace sapeza coomba pakati pa mtsinje, ndipo amisiri sanafunikire kukumba maziko m'mcenga wa pakati pa madzi. Mamangidwe otere anali atsopano pa dziko lonse lapansi. Ulalo wa Strömsund ku Sweden, umene uwerengedwa woyamba wa maulalo amakono a mtundu uwu, unatsegulidwa m'caka ca 1956, zaka 12 zokha usanathe wa pa Luangwa, ndipo danga lace lapakati ndi lalifupi poyerekeza ndi lathu. Wathu uli pakati pa oyamba a mtundu umenewu mu Africa muno.

Citsulo naco cikalamba. Kutentha kwa mu October kucifutukula, kuzizira kwa usiku wa mu June kucikhwinyata, dzimbiri licidya, ndipo malole olemera acitopetsa. M'zaka za m'ma 1990 ulalowu unakonzedwa ndi kulimbitsidwa ndi thandizo la dziko la Denmark. Zimenezi zitiphunzitsa kuti cinthu comangidwa ndi manja cikhala ndi moyo pokhapo manja ena akacisamala.

ZAKA ZA NKHONDO

Caka cimene ulalo watsopano unatsegulidwa ndi comweco cimene ankhondo a Frelimo anayambanso kumenyana ndi Apwitikizi m'cigawo ca Tete, ndipo malire a Mozambique ali pafupi kwambiri ndi ulalo. Kumwera nako nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inali kukula, ndipo mu January 1973 malire a Zambia ndi Rhodesia anatsekedwa. Popeza Zambia inasunga omenyera ufulu a maiko onse awiri, adani ace anadziwa bwino pamene pali khosi lace. Asilikali athu anaikidwa kulonda ulalo usana ndi usiku, magalimoto ankaimitsidwa ndi kufufuzidwa, ndipo kujambula cithunzi pamenepo kunali kudziitanira mlandu.

Mantha awa sanali acabe. Mu October 1979 asilikali a Rhodesia anaphulitsa maulalo a njanji ndi mseu pa Chambeshi, nadula njira ya ku Dar es Salaam, ndipo mu November caka comweco anagwetsa maulalo ena angapo pa miseu yolowa m'Lusaka. Anzathu a ku Malawi analawa zowawa zomwezo m'caka ca 1986, pamene ulalo wa njanji wa Dona Ana pa Zambezi, wotalika makilomita oposa 3, umene unatsegulidwa m'caka ca 1935 kulumikiza Nyasaland ndi dooko la Beira, unaonongedwa m'nkhondo ya Renamo. Ulalo wa 1968 wa pa Luangwa unapulumuka zaka zonsezo, nuimabe.

Ife a ku Chadiza nkhondo ya Renamo sitinaimvere pa wailesi pokha. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zigawenga zinkalumpha malire kudzaononga midzi ya m'mbali mwa Mozambique, ndipo othawa nkhondo ambiri, ena a iwo abale athu enieni, anasungidwa ku Ukwimi m'dziko la Petauke. Asilikali otiteteza, cakudya ndi mankhwala zocokera ku Lusaka zinaoloka pa ulalo womwewu. Mtendere unabwera ndi pangano la ku Rome la pa 4 October 1992.

ZIMENE ULALO WAOLOTSA

Tikafuna kudziwa mtengo wa ulalo tiwerenge zimene zapitapo. Kupita kumadzulo kwaoloka cimanga, nsawa, thonje, fodya, soya, mpendadzuwa, mbuzi ndi nkhumba za alimi a Kum'mawa. Kudza kuno kwaoloka feteleza, malata, sementi, mabuku a sukulu ndi malipiro a aphunzitsi. Kwaolokanso ana opita ku University of Zambia, imene inayamba kuphunzitsa m'caka ca 1966, odwala otumizidwa ku cipatala cacikulu, akwati, ndi maliro obwera kudzagona kwao.

Cina cimene caoloka, cosaoneka ndi maso, ndico cinenero cathu. Lusaka anamangidwa m'dziko la Asoli ndi Alenje, koma lero cinenero ca m'misika ndi m'mabasi ace ndi Cinyanja. Zifukwa zace nzingapo, ndipo cimodzi ncakuti apolisi a m'masiku a Azungu ankagwiritsa nchito Cinyanja. Koma cacikulu ndi unyinji wa anthu a Kum'mawa amene anaoloka Luangwa nakamanga kumeneko. Cinyanja ca m'tauni casakanizika ndi mau a zinenero zina, ndipo akulu a kumudzi aciseka, koma ndi mwana wathu ndithu, wobadwira kutsidya.

Sitinganene kuti zonse zinali phindu. Njira yopepuka inacotsa m'midzi anyamata amphamvu, minda nitsalira akazi ndi nkhalamba. Mitengo ya m'mbali mwa mseu yatha ndi makala opita ku tauni. Ulalo sufunsa cimene cipitapo. Kusankha nkwa eni dziko.

Ndiponso tisaganize kuti njira zakale za kum'mawa zinafa. Madzi saiwala khwawa. M'caka ca 2010 njanji yocokera ku Mchinji inafika ku Chipata, ndipo mseu wocokera pa ulalo kukafika ku malire a Mwami unakonzedwanso monga gawo la njira yopita ku dooko la Nacala ku Mozambique. Kusiyana kwace nkwakuti tsopano Kum'mawa sikuyang'ana mbali imodzi yokha. Kwasanduka khomo limene dziko lonse la Zambia lingatulukire kunyanja, ndipo ulalo wa pa Luangwa ndiwo citseko ca khomolo. Maulalo ena alipo kumtunda kutali, monga wa ku Mfuwe wolowera m'nkhalango ya nyama, koma pa mseu waukulu wa pakati pa Lusaka ndi Chipata palibe poolokera pena.

CIMENE TINGAONETSE MLENDO

Alendo apita pa ulalo uwu caka conse. Mu February aoloka opita ku Nc'wala ya Angoni ku Mtenguleni; mu August opita ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika; ndipo m'cilimwe conse opita kukaona nyama ku South Luangwa National Park. Pafupifupi onse aima pa msika wa tsidya la ku Lusaka, pamene mseu wa ku Feira upatukira, nagula nsomba zouma, madengu, mikeka, zipewa zoluka ndi masau pa nyengo yace. Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Akacoka atangodziwa mtengo wa nsomba, osadziwa kanthu za ulalo umene waoloka, cifukwa cikhala pa ife eni dziko amene sitinamfotokozere.

M'maiko ena maulalo akale asungidwa ngati cuma. Ku England ulalo wa Iron Bridge pa mtsinje wa Severn, womangidwa m'caka ca 1779, uli pa mndandanda wa Unesco wa zinthu zosungidwira anthu a dziko lonse lapansi. Kwathu kuno ulalo wa pa Victoria Falls, wotsegulidwa m'caka ca 1905, ucezeredwa ndi alendo amene afotokozeredwa mbiri yace, ndi kuti mu August 1975 Dr. Kaunda ndi John Vorster anakumanitsa Ian Smith ndi atsogoleri a anthu akuda a ku Rhodesia m'ngolo ya sitima yoimikidwa pakati pace. Wa pa Luangwa ulibe mathithi pambali pace, koma m'mbiri ya umodzi wa Zambia nchito yace siicepa.

Dziko lathu liri ndi bungwe la National Heritage Conservation Commission, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1989, losamala malo ndi zinthu za mbiri. Nkoyenera kuti bungwelo, pamodzi ndi oyang'anira miseu ndi mafumu a mbali zonse ziwiri za mtsinje, aganizire zoika pamsika paja cikwangwani colembedwa m'Cinyanja ndi m'Cingerezi, cofotokoza zaka, miyeso ndi mbiri ya maulalo onse awiri, ndi kukonza malo abwino oimapo munthu wofuna kupenya mtsinje popanda kusokoneza magalimoto kapena alonda. Zotere sizifuna ndalama zambiri, ndipo zingapatse nchito anyamata ndi atsikana a pamalopo ofotokozera alendo.

Koma pali nchito ina imene siidikira Boma, ndipo ndi yanu inu amene mwatsiriza sukulu. Zaka ndi miyeso ya ulalo zinalembedwa kale, sizingatayike. Zimene ziri pafupi kutayika ndi zosungidwa m'mitu ya okalamba. M'midzi ya kwa Mlolo, kwa Mwangala ndi kwa Zingalume mukali agogo amene anaoloka pa ulalo wakale ali ana, amene anagona panjira basi itatitimira m'matope, amene anafufuzidwa ndi asilikali pa masiku a nkhondo, ndi ena amene anamva kwa atate ao za ulendo wa pansi wa ku Walale. Khalani nao pansi madzulo, muwafunse mwaulemu, mulembe m'kabuku dzina la mudzi, caka ngati acikumbuka, cimene ananyamula, ndi cimene anaona. Mau a akulu akoma akagonera, koma agonera pokhapo wina atawasunga.

Ndipo tsiku limene mudzapita ku Lusaka, basi ikayamba kutsika mapiri a kuseri kwa Kacholola, mudzakhale maso. Mudzapenye nsanja ziwiri zija ndi zingwe zace, mudzapenyenso pansi pa madzi amene makolo anu ankaima pagombe pace kudikira bwato, ndipo mukakhala ndi mwana pambali panu mudzamuuze dzina la mtsinjewo ndi caka cimene ulalo unamangidwa.